Anakuuzani Ndani Tsiku la Komiti?

6 Meyi

Kwa iwe Kalaliki, mwana wanga woyamba,

Landira moni wa ine bambo ako ndi wa mayi ako. Kuno tadzuka, kupatula bondo langali ndi makutu amene makina a matabwa anandidyera. Cholembera agwira ndi mayi ako, ine ndikuyankhula, ndipo akamaliza andiwerengera mokweza kuti asaikemo zawo.

Dzulo kunabwera munthu wodzakonzetsa chitseko, nandifunsa ngati ndili ndi ana. Ndinamukhazika pa benchi. Ndinati woyamba ndi Kalaliki, wamkazi, amene tinamutcha dzinalo chifukwa ali wamng'ono ankalemba ndi khala pa matabwa anga onse, ndipo lero ali ku unduna wa maphunziro, mu ofesi yogula katundu wa boma. Wachiwiri ndi Msomali, woonda chibadwire, amene anatenga manja anga n'kuwapitiriza, moti ali ndi shopu yake ya matabwa m'tauni ndi antchito asanu ndi anayi. Wachitatu ndi Namwino, amene amachiritsa amayi kuchipatala chachikulu. Mzime amayendetsa magalimoto akuluakulu odutsa malire. Ndinamuuza kuti onsewa achokera kwa munthu amene sukulu anailekera sitandade 2. Munthuyo anapita ataiwala kufunsa tsiku lodzatenga chitseko chake.

Tsono nkhani ndi iyi. Ndamva kuti boma likufuna madesiki a masukulu a pulayimale, ndipo mlongo wako Msomali waponya mapepala ake m'bokosi la tenda pamodzi ndi anzake ena. Ndamvanso kuti komiti yowunika mapepalawo ikhala pansi Lolemba pa 12 mwezi uno, ndipo mwa anthu asanu a komitiyo, mmodzi ndiwe. Sindikukutuma kuba, mwana wanga, sindinakulere choncho. Ndikungoti ukafika pa mapepala a mlongo wako, uwawerenge ndi maso onse awiri. Desiki yake ndinaikhalira ine ndemwe, sigwedera. Chibale ndi fupa, sichiola.

Keyala ya nyumba yako yatsopano sunatipatse, ndiye ndatenga ya ofesi pa kalendala imene unatibweretsera. Za foni ukudziwa kale, ndimamva theka, theka linalo ndimapeka.

Undiyankhe, undiuzenso za adzukulu anga.

Ndine bambo ako.


16 Juni

Ababa,

Ndikhulupirira inu ndi amayi muli bwino. Ife kuno tili moyo, ana akupita kusukulu.

Mwadandaula kuti achemwali sanakuyankheni mwezi wathunthu, ati anyada. Ayi ababa, musawanene. Anthu a m'maofesi sayankha ndi kalata, amayankha ndi zochita. Lachisanu amata chikalata pa bolodi la ku unduna, ndipo pa makampani khumi ndi limodzi dzina la shopu yanga lili pamwamba. Ndinaliwerenga katatu, kenako ndinaitana mlonda kuti andiwerengerenso. Mawu anu anagwira ntchito. Ine nditawapempha anandithamangitsa ngati galu wa eni, koma kholo ndi kholo.

Kwatsala kudikira masabata awiri, ati nthawi yoti amene sanakhutire adandaule, kenako tisayinirana. Ndamva kuti a Magalasi, aja amaitanitsa madesiki achitsulo kuchokera kunja, apereka kale dandaulo lawo, ati malikisi sanagawidwe bwino. Kumeneko ndi kulira kwa wogonja. Ine ndauza kale ocheka matabwa kuti andisungire mitengo youma.

Ntchitoyi ikayamba ndidzakutengani mudzaone. Muzidzangokhala pampando n'kumaloza ndi ndodo.

Mwana wanu,
Msomali


1 Julayi

Ababa ndi amayi,

Moni. Adzukulu anu ali bwino. Ine ndili pakhomo, ndipo kalatayi ndi yokuuzani chifukwa chake.

Kalata yanu ya pa 6 Meyi ndaiona Lachinayi lapitali. Sinali mu envelopu. Inali fotokope, ili ndi chidindo cha ofesi pamwamba ndi nambala pakona, ndipo anandipatsa ndi anthu atatu okhala kuseri kwa tebulo. Ndinazindikira zilembo za amayi ndisanawerenge mawu ndi amodzi omwe.

Ku ntchito kwathu kuli lamulo limene sindinakuuzenipo chifukwa sindinaganize kuti lingadzakukhudzeni. Bokosi la tenda likangotsekedwa, kalata iliyonse yobwera ku ofesi m'dzina la munthu wa m'komiti sifika kwa iye. Imatsegulidwa ku kaundula, imadindidwa, n'kuikidwa mu fayilo ya tendayo. Yanu inalowa m'menemo pa 9 Meyi ndipo inagona m'menemo, ine osadziwa.

Pa 12 paja tinalowadi m'chipinda, mafoni tinasiya m'dengu pakhomo. Atayamba kuwerenga maina a makampani, nambala 7 inali ya Msomali. Ndinaimika dzanja, ndinapempha fomu, ndinalemba kuti ameneyu ndi mlongo wanga wa bere limodzi, ndipo ndinatuluka mapepala asanagawidwe. M'malo mwanga analowa munthu wina. Sindinapereke malikisi ndi amodzi omwe. Anzangawo anayeza matabwa, anasanjikiza matumba a mchenga pa desiki iliyonse, anaigwedeza, anaikoka pa simenti. Ya Msomali ndi imene inapirira. Anapambana yekha, ababa. Panalibe chofunika kalata.

A Magalasi atadandaula, bungwe lowunikanso linaitanitsa fayilo yonse. Loya wa a Magalasi ankafuna kukangana za kukhuthala kwa matabwa, koma atapeza kalata yanu, za matabwa anazisiya pomwepo. Funso lake ndi limodzi. Tsiku lokhala komiti ndi maina a anthu ake ndi chinsinsi, sizimatidwa pa bolodi. Nanga mmisiri wopuma ntchito, wokhala kutali, anazidziwa bwanji zisanachitike? Iye akuti ndinakuuzani ndine, ndipo kutuluka kwanga m'chipinda kunali kuphimba anthu m'maso.

Andiimitsa ntchito. Ndinapereka makiyi ndi chiphaso kwa mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha kudinda makalata. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za ntchito. Akapeza kuti chinsinsi chinatuluka pakamwa panga, andichotsa, ndipo kulibe ofesi ina imene ingadzandikhulupirire ndi envelopu.

Msomali anabwera kwanga mu Epulo. Ndinamuuza kuti za tenda asanditchulire mpaka zitatha, ndipo ndinamuperekeza pageti. Za tsiku sindinamuuze iye, sindinakuuzeni inu, ngakhale bambo a ana anga sankadziwa.

Adzakuitanani Lachinayi pa 31 Julayi. Adzakufunsani amene anakuuzani. Sindikukuuzani choti mukanene. Ndatopa, ndipo ndikangoyamba kukuphunzitsani mawu ndiye kuti loya uja akunena zoona.

Keyala ya kunyumba ndalemba kuseriku. Ndinalakwa kusakupatsani.

Mwana wanu,
Kalaliki


8 Julayi

Kwa iwe Msomali,

Moni. Mayi ako ndi amene akulemba.

Mlongo wako amuimitsa ntchito chifukwa cha kalata yanga. Ndakutumizira kalata yake m'envelopu yomweyi kuti uwerenge wekha, chifukwa ine ndikafotokoza ndikhoza kuphonya.

Ndikufuna ndikukumbutse zinthu monga zinachitikira, ndipo ngati ndanama penapake undikonze. Unabwera Lamlungu loyamba la Meyi. Unakhala pa benchi ya m'shedi, ukusewera ndi sikweya yanga yoyezera matabwa. Unati komiti ikhala pa 12, ndipo achemwali alimo. Unati akuchita manyazi kukuthandiza, akungofuna mawu a kholo. Unatinso m'kalatamo ndisatchule kuti wandituma ndiwe, chifukwa akwiya. Ine ndinaona ngati ndi zinthu za ana ndi ana, zoti kholo limangoyanjanitsa. Sunandiuze kuti tsikulo ndi chinsinsi cha boma. Ndinalilembetsa ngati ndikulembetsa tsiku la msika.

Tsopano ndiuze, iwe unalimva kwa yani? Ndipo pa 31 ndikanene chiyani kwa anthu amenewo?

Usachedwe kuyankha. Masiku ano sindikulowa m'shedi.

Ndine bambo ako.


14 Julayi

Ababa,

Moni kwa inu ndi amayi. Kalata ya achemwali ndawerenga. Zoti anatuluka m'chipinda sindimadziwa. Zoti ndinapambana popanda iwo ndazimva koyamba m'kalata imeneyi, ndipo ndinakhala pansi pa utuchi nthawi yaitali.

Munanena zoona zokhazokha, palibe chokonza. Tsikulo ndinalimva kwa munthu wina amene amakonza chipinda cha misonkhano ku unduna. Anaona maina pa timapepala ta patebulo. Sindingamutchule, ali ndi ana. Ndipo musaganize kuti ndinali ndekha, aliyense woponya tenda amanunkhiza. A Magalasi amadziwa ngakhale mtundu wa tiyi amene komiti imamwa. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo alibe bambo wolemba makalata.

Ababa, mukakanditchula, lamulo likuti amene wayesa kufikira komiti mwa njira ina iliyonse amaletsedwa kuponya tenda za boma kwa zaka. Shopu yanga imapumira masukulu ndi maofesi. Anthu wamba masiku ano amagula mipando ya pulasitiki. Ndili ndi anthu asanu ndi anayi, ena munawaphunzitsa ndinu kupala thabwa.

Sindikukupemphani kuti mukanamizire achemwali. Mukangoti simukukumbuka. Ndinu wamkulu, makutu anu aliyense akuwadziwa. Mukati munamva m'basi, kapena kwa munthu wodzakonzetsa mpando. Palibe amene angamange nkhalamba chifukwa choiwala. Popanda umboni sangawachotse achemwali, angowasuntha. Ngakhale atawachotsa, iwo ali ndi mapepala a sukulu, mabungwe awalanda mawa lomwe. Ine ndili ndi manja okha, omwe munandipatsa inu.

Ndinalakwa, ndikudziwa. Koma inunso munali ndi mwayi wokana.

Mwana wanu,
Msomali


3 Ogasiti

Kwa iwe Namwino,

Moni mwana wanga. Tabwerako. Wafunsa kuti zinayenda bwanji, ndiye ndikuuza zonse kamodzi, ndipo Mzime akadutsa kwanuko umuwerengere, chifukwa sindifuna kuzinenanso kawiri.

Ofesi yake ili pa nsanjika yachinayi ndipo chikepe chinali chakufa. Ndinakwera ndi bondo langali, mayi ako akundikankha kumbuyo ngati ngolo. Chipindacho n'chachitali, mazenera mbali imodzi, fani ikuzungulira koma mphepo osafika pansi. Tebulo lawo ndi lalikulu koma mwendo umodzi anauchirikiza ndi pepala lopinda. Pakona panali madesiki atatu a chitsanzo. Ya mlongo wako ndinaizindikira ndisanaone nambala 7 ya choko, chifukwa cha mmene amabisira misomali.

Kutsogolo kunali anthu atatu, wapakati ndi mayi wa imvi, ndiye wapampando. Kalaliki anakhala kumanzere yekha, manja ali pamiyendo. Waonda. Msomali anali kumbuyo pafupi ndi chitseko, atavala jekete ya ukwati wake. A Magalasi sanabwere n'komwe, anangotuma loya, mnyamata wonunkhira bwino.

Anandigwiritsa buku n'kundilumbiritsa. Kenako loya anawerenga kalata yanga mokweza, yonse, ndi za bondo zomwe. Atafika poti chibale ndi fupa anaima kaye kuti anthu amve bwino. Ena anaseka. Mawu amene ndinawasankha bwinobwino m'nyumba mwanga anamveka ngati a wakuba.

Wapampando anaona kuti sindikumva, ndiye anasuntha mpando wake n'kudzakhala pafupi ndi khutu langa lamanja. Anandifunsa ngati kalatayo ndi yanga. Ndinavomera. Anandifunsa ngati mwana wanga wamkazi anandiuzapo za ntchito yake. Ndinati chiyambire ntchito, chimene anandiuza ndi chakuti kuofesi kwawo kulibe madzi Lachiwiri.

"Nanga tsiku la komiti anakuuzani ndani, bambo?"

Kuyambira kunyumba mpaka pa masitepe aja ndinali ndisanasankhe. Ndinayang'ana kumbuyo, Msomali akuyang'ana nsapato zake. Ndinayang'ana kumanzere, Kalaliki sanandiyang'ane n'komwe, kuopa kuti anganene kuti akundipatsa chizindikiro. Mwana wanga kuopa kuyang'ana bambo ake.

Loya ndiye anati, "Mwina mwaiwala, madala. Pa msinkhu wanu si mlandu."

Ananena mokoma, koma ndinaona kuti kuiwala kwanga ndi kumene akufuna. Ndikaiwala, chala chitsala chikuloza Kalaliki.

Ndinati, "Ndikanaiwala bwenzi ndikugona tulo. Anandiuza ndi mwana wanga wachiwiri, mwini desiki iyo. Anandipempha kuti ndilembe, ndipo anati ndisamutchule. Mkuluyu sanadziwe kanthu."

Wapampando analemba nthawi yaitali. Kenako anafunsa Msomali ngati akutsutsa. Anaimirira, nati sakutsutsa. Anamufunsa amene anamuuza iye, nati sanena. Pamenepo ndiye ndinaona kuti pali kanthu kena kamene ndinamuphunzitsa bwino, ngakhale sikamuthandiza.

Titatuluka ndinamuona Msomali pa masitepe. Ndinamuitana dzina. Anatsika osacheuka, ndipo ine ndi bondo ili sindikanamupeza. Kalaliki anatiperekeza ku basi, anatigulira madzi, koma panjira yonse tinangokamba za mayeso a mwana wake.

Chigamulo ati chituluka mwezi wamawa. Usatumize mankhwala ena, aja alipo.

Ndine bambo ako.

Ine mayi ako ndikuwonjezera izi ndipo sindiwawerengera. Bambo ako akumangokhala m'shedi osagwira kanthu. Kalata ija ndinalemba ndine ndi dzanja langa, ndipo mtima unandiuza kuti tisatumize ku ofesi, koma ndinati ndikanena ati ndikuikamo zanga. Umuyimbire mlongo wako Msomali, iwe amakumvera.


10 Seputembala

Ababa ndi amayi,

Moni. Chigamulo chatuluka Lolemba.

Andibwezera pa ntchito. Alemba kuti palibe umboni woti ndinaulula chinsinsi, ndipo fomu ija ndinaidzaza m'nthawi yake. Koma ku ofesi yogula katundu sindibwererako. Ati dzina langa lamveka kwambiri, makampani azidandaula nthawi iliyonse akaliona. Andipatsa chipinda cha mafayilo akale, pansi penipeni, chopanda zenera. Malipiro ndi omwewo. Anthu akumandipatsa moni mokweza kwambiri m'khonde.

Tenda yonse yathetsedwa, ayitanitsanso mwatsopano chaka chamawa. Msomali amuletsa kuponya tenda za boma kwa zaka ziwiri. Akanatchula amene anamuuza, bwenzi chili chaka chimodzi. Madesiki atatu aja akadali pakona m'chipinda chija, palibe amene akudziwa woti awatenge. Sukulu zatsegulira sabata ino, ndipo ana asukulu akhalabe pansi.

Dzulo ndinapita ku shopu ya Msomali. Atandiona anayatsa makina opalira, ndipo sanawazimitse. Ndinaima pakhomo mpaka utuchi unandidzaza m'tsitsi, kenako ndinabwerera.

Ababa, ndakhala ndikufuna mawu oti ndikuuzeni. Zikomo sakukwanira bwino, chifukwa ndikudziwa chimene munalipira, komanso chifukwa masabata khumi amene ndinakhala pakhomo aja sindinawaiwale. Mundipatse nthawi. Adzukulu anu akufunsa za inu.

Mwana wanu,
Kalaliki


19 Seputembala

Ababa,

Antchito asanu ndi mmodzi ndawauza kuti akayesere kwina. Ocheka matabwa ndawapepesa.

Bokosi la zipangizo limene munandipatsa poyamba shopu ndalikweza basi ya Lachiwiri. Mukalitenge ku depoti. Zonse zilimo, tchizulo chimodzi chokha n'chimene chinathyoka kalekale.

Amayi muwapatse moni.

Msomali


28 Seputembala

Kwa inu ana anga nonse anayi,

Moni. Kalatayi mayi anu ailemba kanayi, mawu ofanana, kuti wina asadzati kwa mnzake kunapita zina.

Msomali, bokosi lafika. Sindinalitsegule. Lili pakhomo pa shedi pamene analitsitsa a wilibala, ndipo ndalifunditsa pepala la pulasitiki poopa mvula. Mwini wake adzalinyamula yekha, kulilowetsa kapena kulibweza kumene linachokera.

Zimene ndinanena m'chipinda chija sindikuzibweza. Atandiitananso mawa, ndikakwera masitepe omwe aja n'kukanena zomwezo. Koma usaganize kuti ndinasankha mwana wina n'kutaya wina. Ndinafunsidwa funso limodzi ndipo yankho lake linali limodzi. Unalemba kuti inenso ndinali ndi mwayi wokana. Mawu amenewo anandipweteka sabata yathunthu, kenako ndinaona kuti ndi oona. Ndinakondwa kuti ana awiri akuluakulu, wina wa ofesi wina wa shopu, akufunabe mawu anga kuti zinthu ziyende. Kukondwa kumeneko ndi kumene kunalembetsa kalata ija. Ntchito ya Kalaliki sindinaifunse kuti imayenda bwanji, ndinkangoitchula kwa alendo.

Kalaliki, wapempha nthawi. Tenga, koma ine ndilibe yambiri yoti ndikupatse.

Namwino ndi Mzime, mwakhala mukunyamula mawu uku ndi uku ngati amtengatenga, wina akakwiya n'kukwiyira inu. Zimenezo zithe. Ndatopa ndi makalata, ndipo mayi anu ati dzanja lawo silinakwatiwe kuti lidzakhale kalembera.

Ndikukufunani nonse pakhomo pano, ndi akazi anu, amuna anu ndi ana. Sindikuitanira chisangalalo ndipo sindikulonjeza kuti tidzagwirizana. Ndidzayamba kuyankhula ndine, ndidzanena kulakwa kwanga pamaso pa adzukulu, kenako aliyense adzanena zake, mokweza, kuti ndimve. Mzime, uuze abwana ako lero lomwe. Namwino, usinthane ndi mnzako. Amene sangathe kuyang'ana nkhope ya m'bale wake adzatembenuzira mpando kukhoma, mipando ilipo yokwanira. Koma abwere.

Tsiku lake ndi Loweruka, pa 18 Okutobala, 10 koloko m'mawa.

Ndine bambo wanu.